Kaminga ka pachitsulo ndi loboti yosadziwa kufewetsa dzanja

Mukadula paipi ndi sowo kapena kuboola chitsulo, kenako n'kuyendetsa chala m'mphepete muja, mumamva kakuthwa kotsalira, kaja kamakuchekani mwakachetechete mpaka mungoona magazi. Kuntchito timangoti burr, ine ndimati kaminga. Kamabwera chifukwa mpeni wa makina ukamafika kumapeto sudulanso bwinobwino, umangokankha chitsulo chija n'kuchipinda, ngati mmene nzimbe imatsalira tiulusi mukaidula ndi chikwanje chobuntha. Anzathu owotcherera mageti m'mbali mwa msewu amangopalapo ndi tupa kapena galayinda kawiri katatu basi zatha. Koma pa fakitale yomwe ndimagwira kuno ku Joni zitsulo zimatuluka zambirimbiri pa shifiti imodzi, ndiye ntchitoyi pano tinaipatsa makina.

Kamingako musakaderere. Kakathothoka mkati mwa buloko ya hayidiloliki, chitsulo chamabowo momwe mumadutsa oyilo woyendetsa makina, kamayenda ndi oyilo n'kukatseka valavu, kena kamacheka labala yotseka oyilo ija pomwe mukuilowetsa, penti nayenso sagwira bwino pakona yakuthwa. N'chifukwa chake pa pulani amalemba C0.5, kutanthauza kuti konayo isemedwe theka la milimita mopendekera madigiri 45, imeneyo ndiye chamfer, bawuti imalowanso mosavuta.

Nde vuto lili apa. Ndikati loboti sindikunena magetsi a pamsewu aja ayi, ndikunena mkono wachitsulo ngati wa Fanuc, ABB kapena Kuka. Mkono umenewu umabwerera malo omwewo olo ka 1,000 osaphonya, koma sumva kanthu. Inu mukagwira tupa dzanja lanu limadziwa lokha kuti apa pakwera ndifewetse, apa patsika nditsindike, simuchita kuganiza n'komwe. Loboti imangotsata mzere womwe munailembera mu pulogalamu, pomwe zitsulo zoumbidwa mu chikombole sizifanana ndendende, china chanenepa pang'ono china chakhala mopendama pochimangirira. Ulendo wina tinamangirira kampeni kolimba gwa kumkono wa loboti, chitsulo choyamba chinatuluka chokongola zedi tonse kuwomba m'manja, chachisanu inadya kona yonse n'kusiya chigwembe, chotsatira inangodutsa m'malere kaminga kali chiimire. Tsiku limenelo a foromani sanatiyankhulitse.

Mankhwala ake si kugula loboti yodula kwambiri, ndi kuipatsa chida chogonjera. Kampani ngati ATI ya ku North Carolina ndi Schunk ya ku Germany amapanga mitu yoti kampeni kake kamayandama, kakakumana ndi pokwera kamabwerera mamilimita angapo, pakatsika kamatsatira, kumangotsindika ndi mphamvu yofanana njira yonse. Zambiri zimayendera mpweya wa kompulesa, paipi ina yozunguza mpeni, ena amafika ka 40,000 pa mphindi, paipi ina yongoonjezera kapena kuchepetsa katsindikidwe. Ukachulutsa pulesha chamfer imakula, ukathamangitsa loboti imachepa, ndiye tsiku loyamba umakhala ukupotokola kavalavu kaja pang'onopang'ono ngati ukusaka siteshoni pa wailesi yakale.

Koma ndinene chilungamo, chida choyandama chili ndi ulesi wake. Poti chimagonja, chikapeza burr yaikulu yokhuthala chimangoikwera pamwamba n'kuisalaza, osaichotsa. Komanso ngati kasitomala akufuna chamfer yoyezeka ndendende, ine sindingaiike pa loboti, bola kuisema chitsulo chikadali chomangidwa mu makina a CNC momwemo, aja odula chitsulo motsogoleredwa ndi kompyuta, ndi kampeni kolimba ka madigiri 45, poti makinawo akudziwa kale pomwe kona ili, ndi omwe aidula. Masekondi ochepa oonjezerawo ndi otchipa kuposa kunyamula chitsulo kupita nacho pa tebulo lina.

Pomwe pamandisangalatsa ine ndi kuseri kwa bowo. Mwaboola, kutsogolo mukuona, nanga kumbuyo komwe dirilo yatulukira, mkati mwa paipi momwe olo chala sichifika? A Heule a ku Switzerland ali ndi chida chotchedwa COFA, kampeni kake kali pa sipuling'i, kamasema pakamwa pa bowo, kenako kamapindika n'kudutsa mkatimo osakanda khoma, kakatulukira kuseri kamatambasukanso n'kusema pobwerera, makina osaima osatembenuza chitsulo, ndipo kamatsata ngakhale m'mphepete mokhota momwe mabowo awiri akumana. Ulendo woyamba kuona ndinapempha kuti abwerezenso pang'onopang'ono. A Xebec a ku Japan nawo amapanga maburashi a ulusi wa seramiki omwe umangoika mu makina ngati mpeni wina uliwonse, amasesa timinga ting'onoting'ono pamwamba ponse.

Ilipo njira ina yoopsa kuimva, kutsekera zitsulo mu chipinda cholimba, kudzazamo gasi ndi okosijeni n'kuyatsa, timinga poti n'topyapyala timapsa pompo chitsulo chenicheni chisanatenthe kwambiri. Imeneyo amaikonda a mabuloko a mabowo ambirimbiri, ife tilibe.

Anthu akandiitana kuti loboti yayamba kusiya minga, ine sindiyambira pa loboti. Ndimapita kaye kumakina odulira kukaona mpeni, nthawi zambiri umapeza wabuntha ndiye ukutulutsa burr yonenepa kuposa yomwe tinatchunira. Kenako ndimayang'ana kampeni ka pa loboti ngati mano ake sanamatidwe ndi aluminiyamu, poti ameneyu amamata ngati phala, komanso fumbi lake likaunjikana limatha kuyaka ndiye posesa sitichita chibwana. Pulesha ya mpweya ndimaiona pomaliza, kawirikawiri imakhala kuti yatsika chifukwa wina uko watsegula paipi akupemerera ovolosi yake asanaweruke.