Una umene akukumba ku Geneva

Mnyamata wina wa Giredi 12 kuno ku Chipata anandiimitsa pakhomo la kalasi. "Aphunzitsi, chipezereni Higgs uja, apezanso chiyani?" Funso lakelo ndi limene likugawanitsa akatswiri a physics lero.

Bungwe la CERN, lofufuza tinthu ting'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse, linakhazikitsidwa mu 1954 pafupi ndi Geneva. M'ma 1980 anakumba ngalande yozungulira ya makilomita 27, mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka. Pa njinga ungapalase maola awiri kuti ubwerere pamene unayambira. M'menemo ndi mmene muli Large Hadron Collider, makina ogundanitsa ma proton (tinthu ta m'kati mwa atomu) pa liwiro loyandikira la kuwala kuti aone zotuluka. Anawayatsa pa 10 September 2008, koma patangopita masiku 9 polumikizira magetsi panapsa, ntchito n'kuima chaka chathunthu. Pa 4 July 2012 magulu awiri a akatswiri a pa makinawo, ATLAS ndi CMS, analengeza kuti apeza kanthu kakang'ono kwambiri kamene Peter Higgs ndi anzake analosera mu 1964, komwe kamatchedwa Higgs. Chiphunzitso cha Standard Model, chofotokoza tinthu ting'onoting'ono tonse todziwika, chinakwanira.

Kukwanira kwake sikunathetse njala. M'ma 1970 Vera Rubin anaona kuti nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba zikuthamanga mopitirira muyezo, ngati pali chinthu chosaoneka chozikoka. Chinthucho, dark matter, chimaposa zooneka zonse kasanu, ndipo m'chiphunzitsomo mulibe dzina lake. Ambiri anaika mtima pa supersymmetry, ganizo lakuti kanthu kalikonse kodziwika kali ndi mnzake wolemera amene sanaoneke. Mu December 2015 pa makinawo panatuluka kachizindikiro kooneka ngati ka kanthu katsopano, pa mphamvu ya 750 GeV, anthu n'kulemba mapepala mazanamazana. Pofika August 2016 kanali katazimiririka.

Ndiye mkangano wabuka. Ena akufuna ngalande ina ya makilomita pafupifupi 91, ena akuti ndalama zimenezo zipite kwina, pokumbukira kuti America inasiya kumanga makina ake otere ku Texas mu 1993 atakumba kale.

Ine ndili kumbali ya okumba. Ndinakula ndikusaka mbewa m'minda ya ku Katete tikatha kukolola. Unkagwada, khasu m'manja, kutsata una mpaka pamathero, n'kupeza udzu wouma wokha. Komabe unkadzuka ukudziwa kuti mbewa sili apo, n'kusunthira pa una wina. Ndi zimene ATLAS ndi CMS achita: atseka malo ambiri amene tinthu tatsopano tikanabisala. Ndinamuuza mnyamatayo kuti kuyambira July 2022 makinawo anakwezedwa mphamvu kufika 13.6 TeV. Iye anatulutsa kope lake n'kulemba nambalayo.