Madambo a Malombe ndi zaka zimene nyanja inauma

Kuyambira pamene madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mu 2024 n'kumiza nyumba, malo ogona alendo ndi madimba m'boma la Mangochi, nkhani ya madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe yabukanso. Ena akufuna kuti malo a bango ndi gumbwa asiyidwe kuti mvuu, ng'ona ndi mbalame zikhale ndi pothawira, nsomba zikhale ndi poswanirana. Alimi nawo akuti dimba ndilo limawapulumutsa chimanga cha kumtunda chikapsa ndi ng'amba. Onse amalankhula motsimikiza kuti malowa anali otero kuyambira kale, ndipo mbiri ikusonyeza kuti palibe amene akunama.

Pamene David Livingstone ankadutsa kuno mu 1859 anapeza nyanja, naitchula kuti Pamalombe, ndipo atsamunda atakhazikitsa Fort Johnston (dzina lakale la tauni ya Mangochi) mu 1891, sitima zinkayendabe mu Shire. Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1915. Madzi a nyanja ya Malawi anatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka, mchenga ndi matope obwera ndi timitsinje ta m'mbali zinatseka njira yake, kenako udzu ndi bango zinamera pamwamba pake. Malombe, imene ndi nyanja yosaya, inaphwa pafupifupi yonse. Anthu anatsikira pansi pake ndi makasu n'kuyamba kulima dothi lachonde lija, ndipo m'zaka za m'ma 1920 pamene lero pamaponyedwa makoka panali minda. Mwana wobadwa nthawi imeneyo anakula akudziwa malowo ngati munda wa makolo ake, osati ngati nyanja.

Zolembedwa sizigwirizana ndendende pa chaka chimene mtsinje unatsegukanso. Zambiri zimati madzi anaboola mchenga uja mu 1935, zina zimati unayenda mokwanira cha m'ma 1937, ndipo n'kutheka kuti zonse n'zoona chifukwa mtsinje wotsekeka zaka makumi awiri sutseguka tsiku limodzi. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti zolembedwazo zimafotokoza kwambiri za kukwera kwa madzi ndi za ulendo wa sitima, koma za mabanja amene minda yawo inamira sizinena zambiri. Mbali imeneyo inatsalira m'kamwa mwa akuluakulu a m'midzi ya mafumu Mponda, Chimwala ndi Chowe, ndipo siyenera kupepulidwa chabe chifukwa sinalembedwe. Tikumbukirenso kuti pamene boma la atsamunda linkateteza nkhalango ya Mangochi mu 1924, linayang'ana kumapiri, panthawi imene kuchigwa kunali kouma ndipo kunali anthu.

Madzi atabwerera, zinthu zinasinthanso. Mu 1965 ku Liwonde kunamangidwa Kamuzu Barrage yoyendetsera madzi a Shire, ndipo mu 1973 boma linakhazikitsa paki ya Liwonde, imene inatenga zigwa za tsanya, migwalangwa ndi madambo a kum'mawa kwa mtsinje mpaka kufika ku Malombe. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira pakiyi mu 2015, ndipo mu 2018 linapatsidwanso nkhalango ya Mangochi kuti njovu zizitha kuyenda pakati pa chigwa ndi mapiri. Misampha yambirimbiri inachotsedwa, mpanda wa magetsi unamangidwa, mikango inabwezedwa mu 2018, ndipo njovu zinachuluka mpaka 263 zinasamutsidwira ku Kasungu mu 2022. Umboni woti dambo lotetezedwa limabwezeretsa nyama ulipo ndithu.

Koma ku Mangochi anthu sanaiwale za Phirilongwe, kumene njovu zinkawononga minda ndi kupha anthu kufikira pamene 83 zinatengedwa kupita ku Majete mu 2009. Mpanda umatchinga njovu pamtunda, koma mvuu ndi ng'ona zimadutsa m'madzi, ndipo amene amagona m'dimba kulondera chimanga ndi munthu wosauka yemwe sanafunsidwe pamene malire ankaikidwa.

Asodzi nawo ali ndi phunziro lawo lowawa. Chambo cha ku Malombe chinatha mphamvu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha zinakokolola udzu wa pansi pa madzi umene nsomba zinkabisalamo ndi kuswaniramo. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posunga malamulo, koma kufikira lero chimene chimatuluka kwambiri m'makoka a ku Malombe ndi kambuzi, tinsomba ting'onoting'ono.