Tchuthi chothera mu labotale ya biochemistry

Ku Ulaya ndi ku America mayunivesite amatsekera tchuthi chachitali kuyambira Juni mpaka Ogasiti, koma malabotale satseka. Nthawi imeneyi akatswiri amatenga ophunzira a digiri yoyamba kuti achite nawo kafukufuku kwa milungu 6 mpaka 10, n'kumawalipira ndalama yodyera ndi yogonera. Ku Britain mwayi wotere umaperekedwa ndi Biochemical Society, bungwe la akatswiri a biochemistry (sayansi ya makemikolo a m'zamoyo), ku yunivesite ya Caltech ya ku America kuli pulogalamu ya SURF yomwe inayamba mu 1979, ndipo ya Amgen Scholars imafikitsa ophunzira ku Cambridge (Britain), Karolinska Institutet (Sweden) ndi Institut Pasteur (France).

Ndalamayo si yongosangalatsira. Pakanapanda iyo, opita akanakhala ana a anthu opeza bwino okhaokha, enawo ali kalikiliki kusaka ganyu ya fizi.

Chimene wophunzira amakapeza kumeneko n'chosiyana ndi za m'kalasi. M'kalasi mphunzitsi amadziwiratu yankho, ndipo zoyeserera zake zinakonzedwa kuti zitheke masana amodzi. Mu kafukufuku weniweni yankho palibe amene ali nalo. Mwina mupatsidwa ntchito yopangitsa mabakiteriya a E. coli kutulutsa puloteni inayake, kenako muipatule kwa zinzake zambirimbiri. Mlungu wathunthu utha, muyang'ana pa gel (kachinthu konga jeli komwe mapuloteni amapatukirapo n'kuoneka), puloteniyo osaoneka. Apa m'pamene maphunziro amayambira: kodi vuto ndi kutentha, ndi DNA yomwe munalowetsa, kapena dzanja lanu pa pipette, kachida koyezera timadzi tochepa? Mumasintha chinthu chimodzi basi, n'kulemba m'kope tsiku lomwelo, n'kuyambiranso. Ena amazindikira kuti moyo uwu ndi wawo. Ena amaona kuti sangaupirire, ndipo ine ndimati nawonso apindula, chifukwa adziwa asanadzimangirire zaka za PhD.

Mafomu ambiri amatsekedwa kumayambiriro kwa chaka, choncho yambani msanga. Werengani bwino za oyenera kufunsira: pulogalamu ya REU ya National Science Foundation imalipira nzika za America ndi okhazikika kumeneko okha. Kwina muyenera kupeza kaye katswiri wovomera kukuyang'anirani. Pomulembera kalata, tchulani pepala lake la kafukufuku lomwe mwawerenga ndi funso lomwe lakutsalirani, osati kungotamanda yunivesite yake. Mufunsenso amene adzakhale nanu pa benchi tsiku ndi tsiku, pakuti pulofesa mwini amakhala kumisonkhano, ndipo wokuphunzitsani kwenikweni ndi wophunzira wa PhD kapena postdoc, wofufuza yemwe anamaliza kale PhD.