Jakisoni wa ma stem cell pa nyamakazi ya mawondo: mafunso ndi mayankho

Mafoni achuluka kuno ku ofesi kuchokera kwa odwala amene aona zotsatsa pa Facebook zoti jakisoni mmodzi amabwezeretsa bondo mwakale. Ena afika potikalipira kuti tikuwabisira mankhwala.

Ma stem cell n'chiyani?
Ndi maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi, otengedwa m'mafuta a m'mafupa, m'mafuta a pamimba kapena mumchombo wa khanda, n'kubayidwa pabondo.

Nanga ma exosome?
Ndi tinthu ting'onoting'ono totuluka m'maselowo, tobayidwa popanda selo lenilenilo. Mu 2019 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza kuti palibe mankhwala a exosome amene linavomereza.

Bwanji simukundibaya, chonsecho dokotala wanu yemwe anati bondo langa laperepeseka?
Sikuti tikukumanani, bambo kapena mayi. Nyamakazi yotereyi imadya kafupa kofewa kamene kamakuta nsonga za mafupa, ndipo umboni woti jakisoniyu amakameretsanso sunakwane. Pa kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya Nature Medicine mu 2023, obayidwa maselo ndi obayidwa steroid wamba (mankhwala ochepetsa kutupa) ululu unawachepera mofanana chitatha chaka. Malangizo a 2019 a bungwe la madokotala a nyamakazi ku America, la American College of Rheumatology, amakaniza jakisoniyu pabondo ndi pachiuno. N'kutheka kuti zidzasintha, sitikukana. Koma pakadali pano njira imene tingaivomereze ndi kulowa m'kafukufuku wovomerezeka, ndipo kumeneko ochita kafukufukuwo ndi amene amasankha odwala. Amene mafupa ake afika pokhulana, amene ali ndi khansa kapena bondo lake lili ndi mafinya, kawirikawiri satengedwa.

Inshuwalansi ilipira?
Nthawi zambiri ayi, poti imati chithandizochi n'chongoyesera. Funsani, akuyankheni polemba.

Koma mnzanga anabayitsa ndipo akuyenda bwinobwino.
Sitikutsutsa, alipo amene amapezako bwino. Komabe ululu wa nyamakazi umakwera n'kutsika wokha, ndipo m'kafukufuku ngakhale obayidwa madzi amchere okha ena amati apepukidwa.

Si zoona kuti ku South Korea anavomereza?
N'zoona, mankhwala a ma stem cell otchedwa Cartistem anavomerezedwa mu 2012, koma amaikidwa pa opaleshoni, sabayidwa chabe. Komweko chilolezo cha Invossa, mankhwala ena a maselo obayidwa pabondo, chinalandidwa mu 2019 atapeza kuti ena mwa maselo ake sanali amene kampani inalembetsa.

Ndiye ndizitani?
Limbitsani minofu ya ntchafu kwa a fiziyo, chepetsani thupi ngati n'lolemera, ndipo likatheratu bondo tikambirane zoika lachitsulo.