Mlongoti wa wailesi suima chifukwa cha maziko akuya

Ambiri kuno ku Harare amaganiza kuti mlongoti wautali wa wailesi umaima chifukwa anaukumbira mozama, ngati nyumba ya Reserve Bank ija ya mamita 120. Si choncho. Tsinde lake nthawi zambiri limakhala losongoka, longotsamira pakadontho kamodzi. Chimene chimaugwira ndi zingwe zachitsulo zokokedwa mbali zitatu, pamisinkhu ingapo, zomangidwa kusimenti yokwiriridwa pansi. Chimodzi chikamasuka, zotsalazo zimaukokera kwawo n'kuupinda. Ku Poland zinaterodi pa 8 Ogasiti 1991: mlongoti wa Warsaw wa mamita 646, womwe unkaposa chomangidwa chilichonse padziko, unagwa amisiri akusintha zingwe. N'chifukwa chake chingwe chogwirizira chiyenera kumangidwa ndi kukungidwa bwino chakale chisanamasulidwe, ndipo kukakhala mphepo ntchitoyo iziimikidwa.