Musadikire abusa pamene pakamwa pa munthu pakhota

Mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yanga ya unamwino ndi akuti "timadikira abusa." Amabwera naye wodwala sitiroko, matenda ofa ziwalo aja, mkono uli lende, malovu akutsikira mbali imodzi, ndikafunsa kuti zayamba liti amati dzana. Nanga dzana lonse ndi dzulo munali kuti? Timadikira abusa adzayambe amupempherera. Oyankha choncho sakhala anthu osasamala ayi. Nthawi zambiri amakhala amayi a Chigwirizano, kapena mkulu wa mpingo amene wagona pamkeka pambali pa wodwalayo, maso ali psuu ndi tulo. Chikondi ali nacho chochuluka, koma pagulu lonselo panalibe mmodzi amene ankadziwa kuti ntchito yake ndi kukasaka galimoto.

Ndikulemba ngati mwana wa CCAP wobadwira ku Mufakose, makolo a ku Dedza. Mpingo wathu muno unayamba chifukwa cha anthu amene analibe abale pafupi. Azigogo athu ankachoka ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, pamene mzinda uno wa Harare unkatchedwa Salisbury. Mu 1912 a mishoni ya Dutch Reformed anatumiza mbusa T.C.B. Vlok kuti adzawatumikire, ndipo mu 1965 mipingo ya kuno inakhala sinodi payokha mu CCAP. Ambiri anatchona. Mnzathu wachishona akadwalika amati tikamusiye kumusha, kumene kuli azakhali ndi adzukulu omuyang'anira. Nkhalamba zathu zambiri za ku Mbare, Highfield, Dzivaresekwa ndi Epworth zilibe kumudzi koti zingapite. Amene anatsala kwawo ku Malawi sakuzidziwanso, ana ali ku Johannesburg. Mbale wawo amene watsala ndi mpingo basi.

Pa maliro timaonetsadi kuti ndife thupi limodzi. Uthenga ukangogwa pa gulu la WhatsApp, aliyense amadziwa pogwira. Msungichuma watsegula kale kope la chipepeso, azibambo akukhoma tenti ndi kuwaza nkhuni, amayi ateleka miphika ya nsima ndi kabichi, achinyamata akonzekera kuchezera kuimba, wina akukambirana ndi mwini basi yopita ku manda a Granville, ku Mbudzi. Sindinamvepo munthu akunena kuti tisasonkhe moto mpaka abusa afike. Koma munthu yemweyo akali moyo, BP yake ikukwera mwakachetechete, ntchito yonse timaitula pamutu pa abusa. Lamulungu timavomerezana kuti mutu umodzi susenza denga, Lolemba n'kuwasenzetsa denga lonse okha, iwo ali ndi nthambi zina kumafamu ndi kumigodi zoti akazichezere.

Pali madala ena amene nkhani yawo siichoka mumtima mwanga. Anali dikoni, ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, mayi akunyumba anamwalira kale. Fakitale imene ankagwirako itatsekedwa anayamba ulonda wa usiku. Ankamwa mapiritsi a BP, koma atatha sanakatenge ena, ndipo palibe anadziwa chifukwa palibe anafunsa. Lamulungu lina akuwerenga chopereka ndi anzawo, ndalama zinangoyoyoka m'dzanja lamanja, lilime n'kulemera, mawu osamveka. Patapita mphindi zochepa zinatha, anayambanso kulankhula bwinobwino. Anzawo anati ndi kutopa kwa ntchito ya usiku, anawapatsa tiyi.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Kufooka kwa mkono kapena kulemera kwa lilime kumene kumabwera n'kutha kokha ndi chenjezo lakuti mtsempha wa magazi mu ubongo unatsekeka kwakanthawi. Sitiroko yeniyeni imakonda kutsatira m'masiku oyambirira omwewo. Tsiku limenelo akanangowakweza kombi kupita nawo kuchipatala, akanayezedwa BP ndi shuga n'kuyambanso mankhwala.

Mkati mwa sabata anagwa. Lachinayi amayi a Chigwirizano anapita, anasesa m'chipinda, anachapa zofunda, anaimba, anapemphera. Poona kuti madala sanadye, anawaphikira phala n'kumawamwetsa ndi supuni atawatsamiritsa pachifuwa pa mmodzi wa iwo. Madala ankakhosomola supuni iliyonse, amayi n'kumawasisita pamsana kuti limbani bambo, mezani. Wachibale wa mwini nyumba anabwera ndi kabotolo ka mafuta odzozedwa kochokera kwa mneneri wina, anawapaka pamphumi ndi pa mkono wakufawo, anati tione mawa. Abusa anali kunja kwa tauni ku maliro ena. Atabwera sanakhale n'komwe pansi, anangoti nyamulani munthuyu tsopano lino. Pofika naye kuchipatala thupi linali moto, kupuma kwa phuma. Chinawatenga ndi chibayo, chifukwa phala lija linkalowera kumapapo. Maliro awo anali aakulu, ndipo ndalama imene inasonkhedwa usiku umodzi ikanawagulira mapiritsi kwa zaka.

Amayi aja sindiwaimba mlandu, anachita zimene mtima wa kholo umachita. Palibe anawauzapo kuti sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, ndiye ndikunena pano momveka: munthu amene pakamwa pakhota, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu asokonekera mwadzidzidzi, musamupatse phala, madzi, tiyi ngakhale piritsi mpaka a chipatala ataona ngati akumeza bwino. Mugonekeni cham'mbali, lembani nthawi imene zayambira, thamangani naye. Aspirin wa mnansi musamupatse. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha watsekeka, ina chifukwa waphulika, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Ngati waphulika, aspirin amawonjezera kutaya magazi mu ubongo. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire. Ngakhale kumene kulibe, kufika msanga ku zipatala zazikulu za Parirenyatwa kapena Gomo kumapulumutsa munthu ku chibayo, zilonda za pabedi ndi sitiroko yachiwiri. Komanso nthawi zina chimene chikuoneka ngati sitiroko chimakhala shuga wotsika kwambiri, amene timamupeza ndi kadontho ka magazi a pachala n'kumukonza nthawi yomweyo. Munthu wotere kumusunga kunyumba usiku wonse ndi kumuwononga ubongo pachabe.

Za kabotolo ka mafuta kaja ndiyenera kunenapo, chifukwa Harare wadzaza ndi ogulitsa machiritso. Mafuta, madzi, timiyala, nsalu, zomata pachitseko, chilichonse chili ndi mtengo wake wa madola. Mukukumbukira mu 2018 mneneri Walter Magaya atalengeza kuti wapeza mankhwala ochiza HIV otchedwa Aguma. Boma linakana, nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 2019 chindapusa chinali madola 700. Amene anasiya ma ARV chifukwa cha mawu ngati amenewo timawaona ife m'mawodi, atabwerera ali ndi TB kapena matenda oumitsa khosi. Ena ndi anthu athu omwe, amene m'mawa amakhala pa benchi la CCAP, masana n'kupita kuphiri kapena kutenti ya mneneri osauza munthu. Amapita chifukwa kumeneko wina amawagwira dzanja, kuwafunsa dzina ndi kuwaimbira foni mkati mwa sabata, zimene ife sitichita. Aliyense wokuuzani kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro, kapena kuti tayani mankhwala kuti muonetse kuti mwachira, mutalikireni, kaya wavala suti kaya mkanjo woyera. BP ikatsika ndiye kuti mapiritsi akugwira ntchito, mukawasiya imakweranso. Mankhwala a TB ndi miyezi isanu ndi umodzi yathunthu ngakhale chifuwa chitasiya sabata yachitatu.

Wina andiuza kuti kalata ya Yakobo imati wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Ndimaidziwa, ndipo ine ndimapemphera ndi odwala anga akandipempha. Koma pemphero limatheka m'kombi, limatheka pa benchi la chipatala, abusa angathe kulipereka pafoni. Sindinaonepo pamene panalembedwa kuti wodwala asasunthidwe mpaka akulu afike. Pa Marko 2 munthu wakufa ziwalo ananyamulidwa ndi anzake anayi, ndipo atapeza pakhomo podzaza anasasula denga, sanabwerere naye kunyumba kuti tiyesenso mawa. Pa Machitidwe 6, amasiye a Chihelene atayamba kuiwalika pogawa chakudya, atumwi anavomereza kuti sangathe zonse okha, mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri n'kuwapatsa ntchitoyo ndi maina awo. Paulo amene ankapempherera odwala ankayendanso ndi Luka, sing'anga.

Chimene ndikupempha akulu a mpingo ndi atsogoleri a milaga sichifuna komiti yatsopano ya ku sinodi. Mlaga uliwonse umadziwa nkhalamba zake ndi amene amakhala okha. Aliyense wa iwo akhale ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, amene amadziwa mankhwala amene akumwa, tsiku lokatenga ena, pamene amasunga khadi la kukiliniki, ndi nambala ya mwana wake wa ku Joni. Munthu ameneyu pocheza asamangofunsa kuti mwadzuka bwanji, chifukwa madala aliyense amayankha kuti ndadzuka bwino. Apemphe kuona paketi ya mapiritsi, awerenge otsala. Makina oyezera BP amagulitsidwa m'mafamase a m'tauni, ndipo pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi namwino kapena mwana wa sukulu ya unamwino amene amangokhala pa benchi popanda womupempha kanthu. Muikireni tebulo pakhonde mapemphero akatha. Amene BP yake ikupezeka 140 pa 90 kapena kuposa mobwerezabwereza apite kukiliniki ya khonsolo sabata yomweyo, ndipo wina amuperekeze. M'thumba la mpingo mukhale ndalama ya galimoto ya usiku imene dikoni angatulutse popanda kudikira msonkhano, monga timachitira pa maliro.

Chomaliza ndi kusala kudya, chifukwa chaka chikamayamba timalandira anthu okomoka. Munthu wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, akamwa mankhwala osadya, shuga amatsika mpaka kugwa. Amayamba ndi thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka, ndipo pa mapemphero a usiku ena amayesa kuti mzimu wamugwira, n'kumuzungulira ndi nyimbo. Ngati akumeza ndipo pakamwa sipanakhote, mupatseni madzi a shuga kapena Mazoe msanga, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, nyamulani. Abusa, polengeza za kusala kudya nenani poyera paguwa kuti odwala shuga, amayi oyembekezera ndi onse amene mankhwala awo amafuna chakudya asasale asanalankhule ndi a kukiliniki. Ine ndikawauza amati namwino ndi wa dziko, koma inu mukanena amamva.