Kuthawa katapila: komwe ma SACCO adachokera ndi chomwe chimawaimika

Wakatapila safunsa zambiri. Amapereka K20,000 lero n'kunena kuti pakutha pa mwezi zibwere K30,000, ndipo ena amasungiratu khadi la ku banki la wokongolayo kuti malipiro akangolowa akadzitapire okha. Banki nayo ili ndi zofuna zake: chikole cha mapepala, kalata ya kuntchito, komanso ulendo wa pa boma pomwe pali nthambi. Mlimi, mphunzitsi wa kumudzi kapena mayi wa geni ya tomato amatsala pakati pa awiriwa, ndipo pampata umenewu ndi pomwe padamera mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, omwe kuno timawatcha ma SACCO.

Mizu yake ili ku Germany, m'midzi ya kumapiri ya dera la Westerwald. M'nyengo yozizira ya 1846 mpaka 1847 kudagwa njala, ndipo meya wa Weyerbusch, Friedrich Wilhelm Raiffeisen, adasonkhanitsa anthu opezako bwino kuti agule ufa, amange uvuni ndi kupereka buledi pangongole kwa osauka. Atasamukira ku Flammersfeld adayambitsa bungwe lina mu 1849 lothandiza alimi kugula ng'ombe, poti ogulitsa ziweto pangongole ndiwo ankalanda minda ya anthu. Mabungwe oyambawa ankayendera chifundo cha olemera, ndipo chifundo chimatopa. Opereka ndalama aja adayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Mu 1864, ku Heddesdorf, Raiffeisen adasintha maziko: wofuna ngongole akhale membala, ndipo mamembala ndiwo eni bungwe.

Malamulo omwe adakhazikika m'mabungwe amenewa ndi ofunika kuwaona bwino, chifukwa lililonse linkatseka khomo lomwe ndalama zimatayikira. Bungwe lisapitirire malire a parishi imodzi, kuti aliyense azidziwa munda wa mnzake, ng'ombe zake ndi khalidwe lake pa mowa. Akomiti asalandire malipiro. Wolipidwa ndi wosunga mabuku yekha. Phindu lisagawidwe koma lizisungidwa m'thumba lomwe palibe angaligawe ngakhale bungwe litatha. Lamulo lolemetsa kuposa onse linali lakuti bungwe likagwa, membala aliyense adzalipira ngongole zake ndi chuma chake chonse, popanda malire. Izi zimamveka zankhanza, koma ndizo zinkachititsa kuti munthu asavomereze ngongole ya mnzake pongomuchitira manyazi. Ngongoleyo ikalephereka, munda wa wovomerezayo unalinso pachiswe.

M'matawuni munali njira ina. Hermann Schulze-Delitzsch adayambitsa bungwe la amisiri ndi amalonda aang'ono ku Delitzsch mu 1850. Iye ankafuna kuti mamembala azigula masheya, azilandira gawo la phindu, ngongole zikhale za miyezi yochepa, ndipo oyendetsa ntchito azilipidwa. Anthu awiriwa adakangana zaka zambiri pa nkhani ya masheya. SACCO ya lero idatengera konsekonse: masheya ndi kugawana phindu n'za Schulze-Delitzsch, bodi yodzipereka ndi kudziwana kwa mamembala n'za Raiffeisen. Lamulo la ku Germany la 1889 lidalola kuti udindo wa membala ukhale ndi malire, koma lidakakamiza kuti mabuku aziunikidwa ndi anthu akunja kwa bungwe. Mabanki a m'madera otchedwa Volksbank ndi Raiffeisenbank, omwe ali ponseponse m'dzikolo mpaka lero, ndi zidzukulu za mabungwe amenewa, monganso Rabobank ya ku Netherlands.

Si kulikonse komwe mbewuyi idamera. Ku Ireland adayesa njira ya Raiffeisen kuyambira 1894, koma mabungwe ambiri adafota. Anthu okhala ndi ndalama sadasungitsemo, mpamba udachokera kuboma ndi kumabanki, ndipo oyandikana nyumba sankafuna kukakamizana kubweza. Vuto limeneli tidzakumana nalonso kwathu.

Ku Canada nkhani idayamba ndi Alphonse Desjardins, mlembi wa zokambirana m'nyumba ya malamulo ku Ottawa. Mu 1897 adamva za munthu wa ku Montreal yemwe khothi lidamulamula kulipira chiwongoladzanja cha madola 5,000 pa ngongole ya madola 150. Adalemberana makalata ndi odziwa za mabungwewa ku Ulaya, ndipo mu Disembala 1900 adakhazikitsa bungwe lake ku Lévis, m'chigawo cha Quebec. Tsiku lotsegulira, mu Januwale 1901, woyamba adasungitsa masenti 10, ndipo dzuwa likulowa m'thumba munali madola 26 ndi masenti 40. Sheya inali madola 5, yolipira pang'onopang'ono masenti 10 pakamodzi. Mwamunayo akakhala ku Ottawa, mkazi wake Dorimène ndiye ankasunga mabuku ndi kulandira mamembala kunyumba kwawo. Desjardins yemweyu adathandiza kukhazikitsa bungwe loyamba la mtunduwu ku America mu 1908, ku Manchester m'chigawo cha New Hampshire, la anthu a parishi ya Katolika ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu.

Ansembe ndiwo adanyamula nzeruyi kubwera nayo mu Africa. Bambo John McNulty adayambitsa bungwe ku Jirapa, kumpoto kwa Ghana, mu 1955, ndipo mu 1968 mabungwe a m'maiko osiyanasiyana adapanga chigwirizano cha ACCOSCA chomwe likulu lake lili ku Nairobi.

Kwathu kuno kusonkherana sikudabwere ndi azungu. Chipereganyu ndi chakale, ndipo akuluakulu adanena kale kuti kupatsa n'kuikiza. Chomwe chidabwera ndi mabuku, malamulo ndi chiwongoladzanja. Lamulo la makopaletivu lidakhazikitsidwa mu 1946 dziko likadali Nyasaland, koma makopaletivu a nthawi imeneyo anali ogulitsa mbewu monga khofi ndi mpunga, ndipo ambiri adatha titangolandira ufulu, malonda a mbewu atapita m'manja mwa boma. Ma SACCO adayamba kuoneka kumayambiriro a zaka za m'ma 1970 kudzera mu mpingo wa Katolika, ndipo mu 1980 adapanga mgwirizano wawo, MUSCCO, mothandizidwa ndi bungwe la USAID. Ntchito ya MUSCCO idakhala kuphunzitsa akomiti, kuunika mabuku, ndi kusunga thumba lapakati lomwe SACCO yokhala ndi ndalama zotsala imaikamo ndipo yopereweredwa imakongolamo.

M'zaka zomwezo boma linali ndi njira yake yokongozera alimi feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu, yomwe pambuyo pake inkayendetsedwa ndi bungwe la SACA. Kwa nthawi yaitali alimi ankabweza zoposa 90 pa 100 iliyonse, chifukwa kalabu yosamaliza ngongole sinkalandiranso chaka chinacho. Chilala cha 1992 chitafika, kenako ndale za matipate, kudamveka mawu akuti ngongolezo ndi zaboma, ndipo anthu adasiya kubweza. SACA idagwa, ndipo mu 1994 Malawi Rural Finance Company idatenga malo ake. Ndalama zomwe wokongola amaziona ngati zopanda mwini sizibwerera. Mu SACCO wokongola amadziwa kuti K200,000 yomwe watenga ndi ya namwino wa pa chipatala chomwecho, yemwe adzaifuna mu Seputembala ya fizi ya mwana.

Mabanki a m'madera onga a ku Germany aja ife sitidakhale nawo. Mabanki athu ndi a dziko lonse, ndipo mitu yawo ili ku Blantyre ndi Lilongwe: National Bank idabadwa mu 1971 pophatikiza nthambi za Barclays ndi Standard, ndipo Malawi Savings Bank, yomwe idachokera ku banki ya ku positi ndipo inkafika kumaboma ambiri, idagulitsidwa ku FDH mu 2015. Ndalama zomwe munthu wa ku Chitipa wasungitsa ku banki zingathe kukakongozedwa kwa kampani ya ku Limbe kapena kuboma. Za mu SACCO zimazungulira pakati pa mamembala ake: malata, fizi, feteleza, njinga yamoto ya kabaza, bokosi la maliro.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Munthu amalipira ndalama yolembetsera, n'kugula masheya osachepera mlingo womwe malamulo a SACCO yake adaika. Masheya ndiwo mpamba wa bungwe, satapidwa ngati ndalama za m'buku losungira. Akasunga mosadumphitsa kwa miyezi ingapo, kawirikawiri itatu kapena isanu ndi umodzi, amaloledwa kukongola kuwirikiza kawiri kapena katatu zomwe wasunga. Wasunga K200,000, angatenge mpaka K600,000. Zake zomwe zimaima ngati chikole cha gawo limodzi, ndipo gawo lotsalalo amaimira ndi mamembala anzake osaina ngati mboni. Apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti umboni ndi kungotsimikiza kuti munthuyo amamudziwa. Wosaina walola kuti wokongola akalephera, SACCO idule ndalama zake, ndipo pomwe ngongoleyo ikuyenda iye sangatape gawo lomwe adaimikalo.

Asanasaine, membala afunse ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse kapena pa yotsala. Titenge K600,000 ya miyezi 12 pa 3 peresenti pamwezi. Akawerengera pa ndalama yonse, ndi K18,000 mwezi uliwonse, pamodzi K216,000. Akawerengera pa yotsala, munthu akubweza K50,000 ya mpamba pamwezi, mwezi woyamba ndi K18,000, womaliza K1,500, pamodzi K117,000. Peresenti ndi yomweyo koma kusiyana kwake ndi K99,000.

Ulamuliro uli pa msonkhano waukulu wapachaka, pomwe membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya masheya ake ndi a K10,000 kaya a K10 miliyoni. Msonkhanowu umasankha bodi, umasankhanso padera komiti yoyang'anira yomwe ntchito yake ndi kulondola bodiyo, kuwerenga ndalama za m'sefa mosachenjeza, ndi kuyerekeza mabuku a mamembala ndi a mu ofesi. Komiti imeneyi ikasankhidwa mwa anzake a wapampando, kapena mwa anthu osatha kuwerenga lipoti la zachuma, SACCO yatsala yopanda mlonda.

Ma SACCO ambiri omwe adakula msanga ndi a pantchito: a apolisi, a ogwira ntchito m'boma, a m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa. Chinsinsi chawo n'chakuti ndalama zimadulidwa pamalipiro munthu asanazigwire. Koma pomwepo palinso msampha. Wolemba ntchito angathe kudula ndalamazo n'kuchedwa miyezi kuzitumiza. Papepala la malipiro membala wabweza, pomwe m'thumba la SACCO mulibe, ndipo ofuna ngongole amayamba kulembedwa pamzere. Kampani ikachotsa anthu ambiri pakamodzi, okongola ndi mboni zawo amataya ntchito tsiku limodzi. SACCO ya alimi ili ndi vuto lake la nyengo: onse amafuna ndalama mu Novembala ndi Disembala, onse amabweza akakolola, ndipo mvula ikadula amalephera onse pamodzi. N'chifukwa chake thumba lapakati ndi kusakaniza mamembala a ntchito zosiyana zili zofunika kwambiri.

Chomwe chimapha ma SACCO ambiri ndi ngongole za akuluakulu omwe. Wa m'bodi akatenga ngongole yopitirira malire n'kusiya kubweza, manijala sangamulembere kalata munthu yemwe amasaina kontrakiti yake. Kenako ngongoleyo amaibisa poilembanso ngati yatsopano, mabuku amaonetsa chiwongoladzanja chomwe sichidalowe, ndipo msonkhano umagawana phindu lomwe kulibe. Muyeso wa bungwe la ma SACCO a padziko lonse, WOCCU, ndi wakuti ngongole zochedwa kuposa masiku 30 zisapitirire 5 pa 100 ya ngongole zonse, mpamba wosagawika ukhale osachepera 10 pa 100 ya chuma chonse, ndipo pafupifupi 15 pa 100 ya zosungitsa ikhale yopezekeratu wofuna kutapa akabwera. Manambalawa si okhwimitsa chabe. Ngati SACCO imatsala ndi matambala 5 pa kwacha iliyonse yomwe yakongoza pachaka, K1 miliyoni imodzi yotayika imadya phindu la ngongole zabwino za K20 miliyoni. Lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 lidaika ma SACCO pansi pa Reserve Bank, kotero SACCO yeniyeni iyenera kukhala ndi chiphaso ndi kupereka malipoti. Membala ali ndi ufulu wofunsa kuti achione chiphasocho.

Pali mdani wina yemwe bodi singamuthamangitse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo idakwera ndipo zosunga za anthu zidapepuka m'manja. Mamembala okongola amafuna chiwongoladzanja chotsika, osunga amafuna phindu loposa kukwera kwa mitengo, ndipo onsewa amakhala m'holo imodzi ndi voti yofanana. Okongola akachuluka mawu, osunga amachotsa ndalama mwakachetechete, ndipo chokongoza chimatha.

Kumidzi komwe ngakhale SACCO siidafike, ntchitoyi ikugwiridwa ndi banki mkhonde, njira yomwe bungwe la CARE lidaiyambitsa ndi amayi a ku Niger mu 1991. Anthu 15 mpaka 25 amakumana sabata iliyonse, aliyense amagula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu, amakongola mpaka katatu pa zomwe waika, ndipo bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana zonse n'kuyambiranso. Kugawanaku ndiko kumaunika mabuku, poti ndalama iliyonse iyenera kuonekera pamphasa, koma ndikonso kumalepheretsa gulu kukongoza ndalama ya zaka ziwiri yomangira nyumba. Magulu ena tsopano amatsegula buku ku SACCO kuti ndalama zisagone m'bokosi miyezi yoyandikira kugawana, pomwe akuba amadziwa kuti ladzaza.